Kuchotsa kabuleta panjinga yamoto yakale kwa nthawi yoyamba, osathyola kanthu

Njinga yamoto ikakhala miyezi pakhonde osayenda, kawirikawiri chimayamba kuvuta ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Petulo wotsalira m'kati amauma n'kusiya zomata zofiirira, ndipo zomatazo zimatseka timabowo todutsa mafuta. Tsiku loti muilize mumaponda kiki mpaka mwendo kuwawa, injini ingotsokomola kawiri n'kuzima, kapena ilire pokhapokha choki, ija yothandiza kuliza injini yozizira, ili yotseka. Apo ndiye kuti kabuleta ikufuna kutsuka, ndipo kuti itsukike bwino iyenera kuchoka panjinga.

Wozolowera amaichotsa m'mphindi zochepa. Inu amene mukuyamba kumene mwina mutha ola lathunthu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Makabuleta ambiri amene amawonongeka m'manja mwa ophunzira amawonongeka ndi mphamvu: kukoka paipi yomata mpaka kampopi kake kuzuka, kukakamiza sikuluwu mpaka mutu kulala, kupinda singano poitulutsa. Thupi la kabuleta ndi lachitsulo chofewa, majeti ake, tizitsulo tokhala ndi timabowo todutsa mafuta tija, nawonso ndi ofewa. Chinthu chikakana kutuluka, imani muone chimene chachigwira.

Ndifotokoza potengera Honda CG125, njinga imene kampani ya Honda inatulutsa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Ndaisankha chifukwa injini yake ndi imene mafakitale ambiri a ku China anakopera, moti njinga zochuluka za 125 ndi 150 zimene anyamata akabaza amayendera zili ndi injini ya mtundu womwewo. Makabuleta ake, amene m'masitolo amagulitsidwa ndi mayina ngati PZ26 ndi PZ27, nawonso anatengera kapangidwe ka Keihin imene Honda inkaika. Mukadziwa kuchotsa imodzi mwadziwa zonsezo. Za njinga zosiyana nazo ndinena kumapeto.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi kabuleta

Anthu ambiri njinga ikangokana kulira amathamangira kabuleta, pamene vuto lili pena. Onani kaye zinthu zitatu zosavuta.

Choyamba, mafuta akufika? Tsekani tapu ya mafuta imene ili pansi pa thanki, chotsani paipi pa tapupo, ikani botolo, ndiye mutsegule. Petulo azituluka mothamanga, osati modontha. Akamadontha, vuto ndi tapu kapena kasefa kake kam'thanki. Komanso tsegulani chitsekero cha thanki mumve ngati chikuyamwa mpweya. Chitsekerocho chili ndi kabowo kopumira, ndipo kakatseka njinga imayenda pang'ono n'kuzima ngati mafuta atha.

Chachiwiri ndi pulagi. Imasuleni, ilowetseni m'chipewa chake, igunditseni ku chitsulo cha injini, ndiye mupondeko kiki. Moto wabuluu ukuthetheka ndiye kuti kumeneko kuli bwino. Pulagi ikatuluka youma mutaponda kiki kambirimbiri, mafuta sakufika mu injini, ndipo kabuleta ndiyo yoikayikira.

Chachitatu ndi fyuluta ya mpweya. Pa njinga yakale siponji yake imatha kufumbutuka n'kumayamwidwira m'kati, kapena kutsekeka ndi fumbi la m'misewu yathuyi mpaka injini kulephera kupuma.

Zonsezi zikakhala bwino, kapena ngati kabuleta ikuchucha petulo pansi, ichotseni.

Malo ogwirira ntchito ndi zida

Gwirirani panja kapena pamalo podutsa mphepo, masana kukuwala. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansipansi, ndipo imatha kukafika pa mbaula imene ili chapatali inu mukuganiza kuti muli kutali ndi moto. Choncho pasakhale mbaula, kandulo, koloboyi kapena munthu wosuta fodya pafupi. Ikani ndowa ya mchenga pambali. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi, madzi amangoumwaza. Ana auzeni akasewere kwina.

Pansi yalani thumba kapena katoni. Kanati kakagwera pamchenga kapena paudzu mukhoza kukafuna mpaka dzuwa kulowa.

Zida zake si zambiri. Mufunika sipanala ya 10, makamaka ija yozungulira kumutu imene imagwira nati mbali zonse, ndi ya 8. Mufunika sikuludiraiva yamtanda ndi yaphwatalala, pulayasi yamlomo wautali, nsanza zoyera zingapo, burashi yakale yotsukira mano, palafini pang'ono, botolo lagalasi loonekera m'kati, jumbo yoyera, ndi mbale yoikamo timanati. Foni yanu nayonso ndi chida: mujambula nayo.

Pa sikuludiraiva yamtanda ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amapwetekera njinga zawo. Masikuluwu a panjinga za ku Japan amaoneka ngati a Phillips koma ndi a mtundu wina wotchedwa JIS, ndipo ambiri amakhala ndi kadontho pamutu pafupi ndi mtandawo. Sikuludiraiva ya Phillips simalowa mpaka pansi mwa sikuluwu yotere. Mukapotokola mwamphamvu imadumpha, ndipo ikadumpha kawiri katatu mutu walala. Ngati ya JIS simungaipeze, sankhani mwa zimene muli nazo imene ikulowa mothina osagwedera, yansonga yosaperepeseka. Yotsika mtengo ija yansonga yofewa isiyeni m'bokosi.

Iyang'aneni kaye musanamasule

Kabuleta ili kuseri kwa silinda, pansi pa thanki. Gwadani muione bwinobwino, muwerenge zonse zimene zalumikizidwa nayo. Kutsogolo yamangidwa ku khosi lolowera mu injini ndi manati awiri. Kumbuyo yalowa m'khosi lamphira lochokera ku bokosi la fyuluta, lomangidwa ndi kilampu. Pamwamba pali chitsekero chozungulira, ndipo kebulo ya akiseleleta yalowa pakati pake. Pambali pali paipi yobweretsa petulo kuchokera ku tapu. Pansi pali kambale kosungira petulo, ndipo kuchokera pamenepo patsika kapaipi kotayira mafuta akasefukira. Zambiri zili ndi kapaipi kena kopumira chakumtunda, kopanda kumene kapita. Choki pa njinga zambiri za mtunduwu ndi kachitsulo kokweza ndi chala pa kabuleta pomwepo, koma pa zina ili ndi kebulo yake yochokera ku mahandulo.

Jambulani mbali zonse ziwiri, ndi pamwamba ngati foni ingalowe. Jambulaninso mmene kebulo yadutsira pansi pa thanki ndi mmene timapaipi tatsikira kuseri kwa injini. Panopa mukuona ngati mukumbukira, koma mawa timapaipi tiwiri takuda tidzaoneka tofanana.

Gawo loyamba: konzani njinga

Injini ikhale yozizira mpaka kutha kuigwira ndi dzanja. Imikani njinga pa sitandi yapakati, pamalo olimba. Ngati ili ndi yam'mbali yokha, ikani m'giya kuti isasunthe ndipo pansi pa sitandi muike kathabwa. Zimitsani, chotsani kiyi.

Chotsani zivundikiro zam'mbali. Zambiri zimagwidwa ndi sikuluwu imodzi ndi timano tolowa m'timphira, ndiye mukamasula sikuluwu muzikoka mowongoka. Pulasitiki yakale sichedwa kuthyoka. Batire likaonekera, masulani waya wa kunegativu n'kumupindira kumbali kuti sipanala ikakhudza penapake pasathetheke moto pafupi ndi petulo.

Kenako tsukani kunja kwa kabuleta ndi burashi yoviika m'palafini, makamaka mozungulira manati awiri aja ndi chitsekero chapamwamba, mupukute ndi nsanza. Ambiri amadumpha pamenepa. Koma matope onse amene ali kunjawo mukatsegula amagwera m'kati, ndipo mchenga ukalowa mu injini umakapala silinda.

Gawo lachiwiri: tsekani mafuta, khuthulani kambale

Tapu ili ndi malo atatu: ON, OFF ndi RES. Iikeni pa OFF. Pansi pa kambale pali sikuluwu yokhuthulira, kawirikawiri ya sikuludiraiva yaphwatalala. Lowetsani kapaipi kapansi kaja m'botolo lagalasi, ndiye mumasule sikuluwuyo kawiri kapena katatu, osaichotseratu. Petulo atuluka wochepa, masipuni angapo basi, kenako aleka.

Kwezani botololo muliyang'ane padzuwa, chifukwa likuuzani zambiri. Madzi amakhala pansi ngati timikanda kapena kamzere kosiyana ndi petulo. Tofiira tokhala ngati fumbi ndi dzimbiri la m'thanki. Petulo wachikasu kwambiri wonunkha ngati vanishi ndi wokhalitsa. Ku Malawi madzi m'mafuta si achilendo. Petulo wake amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo kenako ku Nchalo, ndipo ethanol amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa. Onjezanipo petulo wogula m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi imene mafuta asowa, mumvetsa chifukwa chake timbale tambiri timapezeka ndi madzi ndi zinyalala pansi.

Petulo akapanda kuleka, tapu yanu ndi yotha, ikudutsitsa mafuta ngakhale ili pa OFF. Musapitirire musanathane nazo. Khuthulirani thanki yonse m'chigubu, kapena mukachotsa paipi ku kabuleta muitseke kumapeto ndi bawuti yolowa mothina n'kuimangirira chokweza. Osayamwa petulo ndi pakamwa.

Mukatha mangani sikuluwu yokhuthulira ija nthawi yomweyo kuti musadzaiwale. Pomwepo, ngati sikuludiraiva ikufika pa masikuluwu ogwira kambale, agwedezeni pang'ono chabe kabuleta ikadali yomangika. Njinga ikukugwirirani, ndipo n'kosavuta kusiyana ndi kudzalimbana nawo kabuleta ikuterereka m'manja.

Gawo lachitatu: paipi ya petulo

Finyani kawaya kogwira paipi ndi pulayasi, mukasunthire m'mbuyo. Paipi ya njinga yakale imakhala itauma n'kumatirira pa kampopi. Musaikoke. Igwireni pafupi ndi kampopi, muipotokole uku ndi uku mpaka mumve yaleka kumata, kenako muziikankha kuchokera kumapeto kwake ndi chala kapena ndi sikuludiraiva yaphwatalala. Paipi yamphira ukamaikoka imathina, ukamaikankha imafutukuka. Ikakanitsitsa, ing'ambeni motalika ndi lezala n'kugula ina. Paipi ndi yotsika mtengo, pamene kampopi kakazuka kapena kuthyoka mwina mugula kabuleta yonse. Ndipo paipi yoti yauma mpaka kufika pamenepo inali yoyenera kusintha kale.

Gawo lachinayi: chitsekero chapamwamba, silaidi ndi singano

Apa ndi pofunika kudekha kwambiri. Chitsekero chapamwamba chili ndi mazinga, chimamasuka pochipotokola ndi dzanja ngati chitsekero cha botolo. Chikalimba, chikulungeni nsanza n'kuchigwira mopepuka ndi pulayasi kuti chingoyamba, kenako mupitirize ndi zala. Pansi pake pali sipuling'i imene ikukankha, ndiye pomaliza muzichipanikiza pang'ono kuti chisadumphe.

Chikamasuka, kokani kebulo chokweza, mowongoka. Patuluka sipuling'i, kenako kachitsulo kobulungira kotchedwa silaidi, ndipo kunsi kwake kukulendewera singano yayitali yosongoka. Silaidi ndi imene imakwera mukapotokola akiseleleta, n'kutsegulira mpweya njira. Singano imakwera nayo limodzi n'kutsegulira petulo. Singanoyo ikapindika ngakhale pang'ono, imakhuzana ndi bowo lake ndipo njinga siyendanso bwino. Choncho musapendeke silaidi singano isanatuluke yonse.

Pa njinga zina thanki kapena felemu ili pafupi kwambiri moti silaidi ilibe malo otulukira. Zikatero musakakamize. Siyani chitsekero chomasula, pitirizani ndi magawo enawo, ndipo silaidi mudzaitulutse kabuleta itamasuka mukutha kuitsitsa ndi kuipendeka. Kapena chotsani chishalo ndi thanki, imene pa njinga zimenezi imagwidwa ndi bawuti imodzi kumbuyo ndi timphira tiwiri kutsogolo.

Silaidi ikamatirira chifukwa cha petulo wouma, musakoke kebulo mwaukali, mudula kamutu kake. Thirani mankhwala otsukira kabuleta kapena palafini kuchokera pamwamba, dikirani, ndiye khosi lakumbuyo likachoka muikankhe ndi chala kuchokera m'kati.

Musanachite china, yang'anani silaidiyo mmene inakhalira. Kunsi kwake mbali imodzi ndi yosemedwa mopendama, ndipo mbali imeneyo imayang'ana ku fyuluta. M'mbali mwake muli kangalande kotalika kamene kamayenda pa kachitsulo kotuluka m'kati mwa kabuleta. Jambulani.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndimati silaidi musaichotse pa kebulo. Ipukuteni, ilowetseni m'jumbo yoyera pamodzi ndi sipuling'i ndi chitsekero, mumange jumboyo kukamwa, muikoleke pa felemu pamene simuigunda ndi chigongono. Ikamalendewera poyera singano imakanda pa injini kapena kutola mchenga.

Ngati mukusintha kabuleta yonse, ndiye kuti kebulo iyenera kuchoka. Gwirani chitsekero m'dzanja, kokerani sipuling'i yonse chokweza ndi zala mpaka ifinyike, ndiye mukankhe kebulo chotsitsa. Kamutu kake katuluka pamalo pake kunsi kwa silaidi, ndipo mukatsetsereka nako m'kangalande kaja kebulo ichoka. Sipuling'i muimasule pang'onopang'ono. M'kati mwa silaidi muli kawaya kopindika kogwira singano, ndipo kumutu kwa singano kuli kakilipi kokhala m'kamzere kamodzi mwa timizere tingapo, kawirikawiri tisanu. Werengani kuchokera pamwamba kuti kali pa kamzere kachingati, mulembe. Kakatsika kamzere kamodzi singano imakwera ndipo njinga imamwa mafuta ambiri. Kakilipiko kakadumpha simukaonanso, ndiye ngati palibe chifukwa musakakhudze.

Makabuleta ena a njinga za 150 ali ndi kapampu kamene kamafayira petulo mukakoka moto mwadzidzidzi. Mukaona kebulo ya akiseleleta yagawikana pawiri, ina yapita m'mbali mwa kabuleta, masulani kanati kake ndi sipanala ya 8 kapena ya 10, mutawerenga mazinga amene akuonekera kuti mudzabwezere pomwepo.

Gawo lachisanu: choki ndi timapaipi totsala

Choki ikakhala ya kachitsulo ka pa kabuleta, palibe chochotsa. Ikakhala ya kebulo, masulani kasikuluwu kopana kebuloyo n'kukolola kamutu kake. Kapaipi kapansi ndi kopumira mukhoza kutisiya pa kabuleta, mungotisolola kumene tadutsa. Mukapeza waya wamagetsi wolowa pa kabuleta, mumasulireni pa pulagi yake, osamukoka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kilampu ndi manati

Masulani sikuluwu ya kilampu ya khosi lakumbuyo mpaka kilampuyo izizungulira momasuka, muisunthire kumbuyo. Kuichotseratu n'kosafunika. Lowetsani chala m'mphepete mwa khosilo kuti lileke kumata.

Tsopano manati awiri akutsogolo. Onetsetsani kuti mukumasula oyenera. Pali manati ogwira kabuleta ku khosi, ndipo chakutsogolo kwake pali mabawuti ogwira khosilo ku mutu wa injini. Mabawutiwo asiyeni. Pansi pawo pali gasiketi imene mukaisokoneza mwadzipatsa ntchito ina.

Yalani nsanza pamwamba pa injini kunsi kwa kabuleta kuti nati ikapulumuka igwere pamenepo, isalowe m'mipata ya kuseri kwa sitata. Yambani ndi nati yovuta kuifikira, inayo ikadali yomanga, chifukwa ikatsala yokha imalimba kuposa. Igwedezeni pang'ono, pitani ku inayo, muzisinthana choncho mpaka zonse zitheke ndi zala. Pa njinga zina nati imagunda thupi la kabuleta isanatuluke. Zikatero kankhirani kabuleta m'mbuyo pang'ono kuti mpata upezeke.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuitulutsa

Kabuleta tsopano yangotsala pa mabawuti awiri osongoka ochokera ku khosi, yapanikizika pakati pa injini ndi bokosi la fyuluta. Igwireni ndi manja awiri, muikankhire m'mbuyo kuti khosi lamphira lifinyike, mpaka kutsogolo kwake kuvuuke pa mabawutiwo. Ndiye mukhotetsere mbali yakutsogoloyo kunja, kwa inu, ndipo kumbuyo kutuluka kokha m'khosi lamphira. Isungeni choimirira chifukwa m'kati mukadali timafuta.

Pa njinga yakale vuto limakhala khosi lamphiralo: linauma kalekale, silifinyika. Viikani nsanza m'madzi otentha, mulikulunge kwa mphindi zingapo, lifewa. Likakanabe, masulani mabawuti ogwira bokosi la fyuluta ku felemu kuti bokosi lonse libwerere m'mbuyo. Kampata ka chala chimodzi kamakwana. Chimene simuyenera kuchita ndi kulowetsa sikuludiraiva pakati pa kabuleta ndi khosi la injini n'kumatema. Nkhope ziwirizo ziyenera kukhala zosalala. Zikakandika mpweya uzilowera pamenepo, ndipo mudzavutika ndi njinga yosakhazikika kulira osadziwa chifukwa chake.

Ikamatuluka onani zimene zili pakati. Pali kamphete kamphira, kamene amati O-ring, kokhala m'kangalande kake. Pa njinga zina palinso kachidutswa kakuda koteteza kabuleta ku kutentha kwa injini, kali ndi gasiketi yake. Zisungeni mu ndondomeko imene zatulukira ndi mbali imene zinayang'ana. Manati abwezereni pa mabawuti awo ndi zala kuti asasowe.

Musananyamuke, tsekani bowo lolowera mu injini ndi nsanza yoyera, yaikulu yoti mbali ina izilendewera kunja muziiona. Thonje kapena pepala lofewa ayi, zimasiya tizidutswa. Tsekaninso khosi la ku fyuluta. Nsanza ili mmenemo munthu asaponde kiki, injini iyamwa.

Sikuluwu ikakana

Pa njinga yakale mupeza imodzi yokana, kaya ya kilampu, kaya ya kambale. Chotsani dothi m'mutu mwake ndi kansonga kuti sikuludiraiva ilowe mpaka pansi. Thirani mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, mupite mukamwe tiyi. Pobwera lowetsani sikuludiraiva, gogodani chogwirira chake mopepuka ndi hamala kawiri katatu, ndiye mukanikize ndi thupi lonse uku mukupotokola pang'onopang'ono. Mphamvu yambiri ipite pokanikiza, yochepa popotokola. Ikadumpha kamodzi, lekani pomwepo. Mutu ukakhala woti walala kale, ugwireni m'mbali ndi pulayasi yokhoma ija, kapena chekani kamzere pamutupo ndi sowo yachitsulo kuti yaphwatalala ilowe. Amakaniko ali ndi impact driver, sikuludiraiva yomasula poimenya ndi hamala, koma pa kabuleta yofewayi chida chimenecho chimafuna dzanja lozolowera. Moto wowotchera musauyerekeze n'komwe pa chinthu chokhala ndi petulo.

Ngati njinga yanu si ya mtundu umenewu

Yamaha AG100 ndi DT125, zimene alangizi ndi ogwira ntchito zakumudzi anayendera kwambiri, ndi za two-stroke, zija zofuka utsi. Kabuleta yake ya Mikuni ilibe manati awiri, imalowa m'makhosi amphira mbali zonse, ndiye mumangomasula makilampu awiri. Chosamala ndi kapaipi kowonda kwambiri kobweretsa oyilo kuchokera ku pampu. Kakakhala kolowa pa kabuleta, kachotseni mosamala, mukatseke kumapeto n'kukaimika chokweza kuti oyilo asatayike. Pobwezera musakaiwale. Injini ya two-stroke ikayenda popanda oyilo imagwirana m'kati n'kuwonongeka.

Suzuki GN125 ndi njinga zina zili ndi kabuleta ya mtundu wa CV. Pamwamba pake m'malo mwa chitsekero chopotokola pali chivundikiro chotakata chomangidwa ndi masikuluwu, ndipo kebulo imakola pa kagudumu kam'mbali. Pamenepo masulani kebulo pa kagudumuko, chivundikirocho muchisiye. Pansi pake pali kamphira kopyapyala kamene kakang'ambika njinga imasowa mphamvu. Ndipo tapu ikakhala yolembedwa ON, RES ndi PRI, yopanda OFF, isiyeni pa ON: imadzitseka yokha injini ikazima. PRI ndiye imatsegula mafuta nthawi zonse. Tapu yotere ili ndi kapaipi kachiwiri kochokera ku kabuleta kapena ku khosi la injini, nakonso kachotseni.

Ili m'manja tsopano

Iikeni m'mbale patebulo loyala nsanza. Kutsuka ndi nkhani ina yaitali, koma pali zingapo zoti mudziwe musanaigwire. Pa kabuleta pali timasikuluwu tiwiri tosinthira: kena kali ndi sipuling'i yoonekera, ka kulira kwa injini njinga itaima, kena kakang'ono kobisika, kosakanizira mafuta ndi mpweya. Kakang'onoko musakamasule musanawerenge. Kamangeni pang'onopang'ono uku mukuwerenga kuti kazungulira kangati mpaka kakhudze pansi mopepuka, mulembe nambalayo, ndiye mukatulutse. Mukakamanga mwamphamvu nsonga yake imathyokera m'bowo. Majeti musawatokose ndi singano yosokera kapena waya wachitsulo, mukulitsa bowo. Ndipo mpweya wa kompuresa musaupopere m'kabuleta kambale kali kotseka, umaphwanya fuloti, kachinthu koyandama m'kambalemo kamene kamatseka petulo akadzaza.

Bwererani panjinga muone zimene kabuleta imabisa. Pindani khosi lamphira muone ngati lili ndi ming'alu. Kamphete kaja kakaphwatalala kapena kuuma, gulani kena. Unikani m'thanki ndi tochi ya foni. Mukaona dzimbiri, tsukani thankiyo n'kuika kafyuluta kakang'ono pa paipi ya petulo, apo ayi kabuleta yotsukatsukayo idzatsekanso posachedwa.

Pobwezera mutsata magawo omwewo chobwerera m'mbuyo, kuyambira ndi kuchotsa nsanza zija. Kumbuyo kulowe kaye m'khosi lamphira, kenako kutsogolo pa mabawuti. Manati awiri muwamange mosinthana, mothina bwino koma osadzikoka, chifukwa mukapitirira nkhope ya kabuleta imapindika. Silaidi itsike yokha mpaka pansi, mbali yosemedwa ikuyang'ana ku fyuluta ndipo singano italowa m'bowo lake. Ikaima panjira, kangalande sikanakumane ndi kachitsulo kake: itulutseni muitembenuze. Chitsekero chiyambitseni ndi zala, chilowe mofewa.

Musanalize, potokolani akiseleleta n'kuitaya. Ibwerere yokha msanga, ndipo mumve silaidi ikugunda pansi kuti "tha". Yesani mahandulo atakhotera kumanzere, yesaninso atakhotera kumanja. Ikapanda kubwerera musalize injini, ilira mopenga ndipo simutha kuitsitsa. Zikakhala bwino, bwezerani waya wa batire, tsegulani tapu, mudikire mphindi imodzi mukuyang'ana pansi. Petulo akatuluka pa kapaipi kotayira, gogodani kambale mopepuka ndi chogwirira cha sikuludiraiva kuti fuloti ikhale m'malo mwake. Akapitirizabe, tsekani tapu, kambale katsegulidwenso.